Madontho Atatu a Kutay

Sevgül ankapinda zovala za mwana n'kumaponya m'sutikesi, osayang'anako kumene kunakhala apongozi ake. Kunja chipale chofewa chinali chitakwirira mpanda wonse. Mumzinda wa Erzurum dzuwa la nyengo imeneyi limangosuzumira n'kubwerera, ndipo mwana wake Kutay anali atatha miyezi inayi lisanamukhudze pakhungu.

Patebulo panali kabotolo kofiirira, kokhala ndi chivundikiro chovuta chija chofuna kudinikiza kaye kenako n'kupotokola.

M'mawa wa tsiku lomwelo, dokotala anamuimiritsa Kutay pabedi lopimira. Miyendo inapindika ngati uta. Anagwira timfundo totupa ta m'mikono, kenako liwombo, n'kupukusa mutu. Kwa mwana wa chaka ndi miyezi inayi, linali lotseguka mopitirira muyeso.

"Awa ndi matewe, mafupa akusowa vitamini D," anatero dokotala. "Kuno kopanda dzuwa, nsomba n'kuionera patali, bere lokha silikwanira. Madontho aja mumam'patsa?"

"Atatu m'mawa uliwonse. Sindinaphonyepo."

Anatulutsa kabotoloko m'chikwama monyadira. Dokotala anadonthezera padzanja, n'kuyang'anitsitsa mtundu wake, n'kulawa.

"Mayi, awa ndi mafuta ophikira."

Sevgül sanafunse kuti wachita ndani. Ankadziwa. Chibadwire mwanayo, a Gülizar, apongozi akewo, nyimbo yawo inali imodzi. Amati madontho a kuchipatala amatseka liwombo nthawi isanakwane, ubongo n'kusowa kokulira. Amati iwo analera ana asanu ndi msuzi wa mafupa ndi mkaka wa nkhosa, onse akuyenda. Ankanena pa tiyi, ankanena pamaso pa alendo, ankanenanso kwa mwamuna wake Nevzat akabwera kuchokera ku maulendo ake a galimoto ya katundu. Nevzat ankangoseka, n'kupempha kuti amuonjezere tiyi.

Akanapanda amayi ake om'bereka, a Nazire, bwenzi Sevgül atapenga m'nyumba imeneyi. Lachisanu lililonse ankakwera basi kuchokera kumudzi, atanyamula tchizi ndi buledi wopyapyala. Za madontho sankayankhapo kanthu. Apongozi akayamba nyimbo yawo, iwo ankangomutsinzinira diso mwana wawo. Kenako ankati, "Kagone, mwana wanga, maso afiira awo. Khandali ndi langa mpaka madzulo." Ndipo Sevgül ankagona tulo tatsiku limodzi pa sabata.

N'chifukwa chake atangotuluka kuchipatala anawaimbira foni. Sanalongosole chilichonse. Anangoti, "Mayi, bwerani mudzanditenge. Nyumba ino sindigonamonso."

"Mtengwa iwe," anatero a Gülizar tsopano, ali pafupi ndi mbaula ya malasha, "tanditsegulire chitini cha shugachi. Zala zanga zakana lero."

Anatambasula manja awo opiringizika ndi nyamakazi. Masiku onse Sevgül ndiye ankawamangira mabatani ndi kuwatsegulira mankhwala awo. Lero anangowayang'ana.

"Tsegulani nokha. Zina mumatha bwinobwino."

"Zina ziti?"

Sevgül ananyamula kabotolo kaja n'kukamenyetsa pampando pafupi nawo.

"Ndakhala ndikumwetsa mwana wanga mafuta okazingira anyezi chaka chathunthu. Ndi dzanja langali. Ndikumuimbira kanyimbo kuti atsegule kukamwa. Mwakondwa tsopano? Liwombo lanu lija silinatseke. Miyendo ndiye mwaiona."

A Gülizar anayang'ana kabotoloko, kenako mdzukulu wawo amene ankayesa kuimirira atagwira mwendo wa tebulo, n'kugwa chokhala.

"Pakamwa ndili napo, sindikana," anatero. "Koma chinthu chimenechi sindinachigwirepo."

"Ndiye chinadzithira chokha."

"Dikira Nevzat abwere, tikambirane ngati anthu."

"Nevzat adzapeza inu ndi chitini chanu cha shuga."

Anatseka sutikesi. Dokotala anali atanena kuti mafupa angathe kuwongoka ngati mwana alandira mankhwala enieni tsiku ndi tsiku, kwa miyezi yambiri, popanda wosokoneza. Kumudzi kunali kozizira kuposa kuno, chimbudzi chili panja, koma kumeneko kabotolo akanatha kukasiya pashelefu n'kugona mtima uli m'malo.

Cha m'ma 3 koloko kunamveka kugogoda. A Nazire analowa akukutumula chipale pampango wawo, mphuno ili psuu. Anaona sutikesi, anaona nkhope ya a Gülizar, n'kumwetulira pang'ono ngati munthu amene wakhala akuyembekezera tsiku limeneli.

"Mwamutopetsa mwana wanga, asewere," anatero. "Ndabwera kudzatenga changa."

Sevgül anawagwera pachifuwa n'kulira koyamba tsiku limenelo. Chijasi chawo chinkanunkha utsi wa kwawo. Iwo anamusisita kumsana, kenako anawerama n'kunyamula Kutay.

"Mwanawankhosa wanga, bwera kwa agogo ako enieni."

Anam'vula kachipewa kaubweya monga ankachitira Lachisanu lililonse, n'kuika zala ziwiri pamutu pake. Nkhope yawo inawala.

"Taona, likadali lofewa, likugunda bwinobwino," anatero a Nazire. "Wakula tsopano, ndingathe kukuuza. Apongozi akowa ankangolongolola, ine ndinkachita. Ukagona, poizoni wa adokotala uja ndinkakhuthulira m'sinki, m'kabotolomo n'kuthiramo mafuta."