Kabuku ka Mlendo wa pa Phalula

Pamene a Blasius ankafika pa msika wa Phalula masana amenewo, n'kuti mlendoyo atagona kale m'fumbi, shati itang'ambika, njerwa itamugulula mano. Mphekesera za anamapopa zinali zitawirira sabata imeneyo. Munthu wovala jekete, wotsika minibasi n'kumafunsa njira ya kusukulu ya pulayimale, analibe mwayi woti n'kudzifotokoza.

Bilali, wokonza njinga, anali atamuponda pachifuwa, m'manja atagwira kabuku kamene anasolola m'jekete muja.

"Aphunzitsi afika! Muli zachizungu umu, atiwerengere."

A Blasius anakonza tayi. Anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu m'derali, ndipo ankadziguguda pamtima kuti palibe liwu lomwe sakulidziwa. Chaka chilichonse ankalonjeza ana a Sitandade 8 kuti wobweretsa liwu lowagonjetsa adzamupatsa dikishonale yawo. Anapuma ntchito dikishonaleyo ikadali pashelefu, ndipo nkhaniyi ankaikamba ngakhale pamaliro.

Anatsegula kabukuko. Petrichor. Borborygmus. Defenestration. Tsamba lonse linali mawu okhaokha, opanda matanthauzo. Anapukuta magalasi n'kuwerenganso, koma sanazindikire liwu ngakhale limodzi.

"Akuti chiyani, aphunzitsi? Kapena chizungu chakukanikani lero?" anafunsa mayi wina wogulitsa tomato. Anthu anaseka.

Kuseka kumeneko kunawalasa mtima. Munthu ankathatha pamapazi pawo, koma iwo chimene ankamva chinali manyazi basi. Mlendoyo anawayang'ana ndi diso limodzi lomwe linali lisanatupe, n'kukweza dzanja lamanja, chala chili m'mwamba. Anayesa kulankhula, koma m'kamwa munangotuluka thovu lamagazi.

"Iyayi, chindikanike ine?" anatero a Blasius mokweza. "Awa ndi mayina a zipangizo zawo. Zopopera magazi."

Apo ndiye zinthu zinaipa. Bilali anayamba ndi tcheni cha njinga. Wina anabwera ndi mpini, wina mwala wochirikizira benchi, ndipo mayi wa tomato uja anavula patapata kuti naye asatsalire. Dzanja lija linakhalabe m'mwamba mpaka chibonga chinalithyola. Anyamata ankagubuduza tayala loti amuwotche nalo pamene galimoto ya apolisi inatulukira pamsewu waukulu, ndipo msika wonse unabalalika ngati nkhuku zaona kabawi.

Apolisi anamugwira pakhosi mlendoyo kuti amve ngati mtima ukugundabe, kenako n'kupempha chitenje. Anamufunditsa mpaka kumutu.

A Blasius anakakhala pakhonde la golosale. Kabuku kaja kanali kadakali m'manja mwawo. Anadzilimbitsa mtima kuti munthu wabwinobwino sayenda ndi mawu otere, ndipo mwina ananena zoona mosadziwa. Komabe chidwi cha uphunzitsi chinawagwira, nayamba kuvundukula masamba.

Matanthauzo anali kumapeto, olembedwa bwino m'Chichewa. Petrichor, fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa. Borborygmus, kulira kwa m'mimba. Defenestration, kuponya munthu pawindo. M'munsi mwake munali mizere iwiri.

"Kwa aphunzitsi anga a Blasius. Zanditengera zaka 19, koma mawu aja ndawapeza, ndiye ndabwera kudzatenga dikishonale ija. Ine Japhet."

Anamukumbukira nthawi yomweyo. Anali Japhet uja wapabenchi yakutsogolo, amene sankayankha funso asanakweze dzanja.