Filimu imene a Gideoni anasungira mwana wawo

Inu amene mumati nkhani zoyenda pa foni n'zopeka, werengani iyi mpaka kumapeto, mukatero mubwere mudzanditsutse. Ine si wa miseche ya pamjigo. Fomu 4 ndinakhoza ulendo umodzi, ndipo ku Chigwirizano cha amayi kwathu kuno cholembera chimagwiridwa ndi ine. Ndikanena chinthu, ndiye kuti ndinachiona.

Panali munthu wina kufupi ndi pa Malomo, dzina lake a Gideoni, mlimi wa fodya. Chaka china fodya atayenda bwino anagula TV, sola ndi batire, n'kuyamba kusonkhanitsa mafilimu a nkhondo. Kabati imene akazi awo, a Debora, ankasungamo mbale inadzaza madisiki. Aliyense wogula TV m'mudzimo ankayamba wafunsa nzeru kwa iwo.

"Za chikondi zisiyeni, n'zogonetsa tulo," ankatero. "Yambani ndi ya asilikali otsekeredwa m'nkhalango. Ikatha imeneyo, ya ndege zoponya mabomba. Koma muzisankha zomasuliridwa m'Chichewa, zokhala ndi DJ woseketsa. Nkhondo yopanda DJ ndi ndiwo yopanda mchere."

Mwana wawo wamwamuna anali mmodzi yekha, Lonjezo, ndipo anali msilikali. Anatumizidwa kunja kokasungitsa mtendere limodzi ndi Felton, mnzake wa kuubwana wa nyumba yoyandikana nayo. Felton anabwera m'bokosi limene sanalole kuti litsegulidwe. Lonjezo anabwera pambuyo pake akuyenda ndi miyendo yake, koma mawu analibe. Anafika ndi mkazi wake kudzapuma kwa makolo.

A Debora anakokera amuna awo kuseri.

"Abambo a Lonjezo, mtengwa wandiuza kuti mwanayu sagona. Chitseko chikangomenyeka amadzigwetsa pansi. Mafilimu anuwa muyambe mwatsekera."

"Msilikali n'kuopa TV? Inu za amuna munazidziwira kuti?"

"Ndapota nanu."

"Ndamusungira yabwino kuposa zonse. Anthu aone kuti Gideoni anabereka mwamuna."

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, a Gideoni anaitana amuna a m'mudzi. Anabwereka sipika yaikulu ya kwaya, n'kuika mpando wa ndalema kutsogolo kuti pakhale Lonjezo. Amayi anayala mphasa pakhomo, akusuzumira. Mayi ake a Felton nawo anabwera ndi chidebe cha thobwa, poti anali asanamulonjere bwino mnzake wa mwana wawo.

Filimu inayamba. Mfuti zinkalira mpaka malata kunjenjemera.

"Tawauza amalume akowa, mfuti iyo ndi ya mtundu wanji?" anatero a Gideoni. "Inu munali nazo zoterezi?"

"Bambo, tachepetsani pang'ono."

"Wapha angati iwe? Usachite manyazi, pano ndi pakwanu."

Lonjezo anangogwira mawondo, thukuta lili kamukamu.

Kenako m'filimumo msilikali wina anabereka mnzake wowomberedwa, akuthamanga naye m'matope. DJ uja anayamba: "Berekani mwana, amayi! Wakodza ameneyo, musintheni thewera!" Nyumba yonse inafa ndi phwete, a Gideoni mpaka kumenya tebulo.

Lonjezo anaimirira, n'kuzula waya ku batire.

"Felton ndinamubereka chonchi," anatero, mawu ali pansipansi. "Chimene chinkanyowetsa msana wanga sichinali mkodzo. Chinkatsikira mpaka m'nsapato. Ali kumsanako anandiuza kuti, 'Ukawauze amayi, malata aja ndidzakhoma ndekha, asaitane munthu.' Pofika pa galimoto anali atazizira. Uthengawo ndalephera kuupereka mpaka lero. Sekanitu, bambo. Ndi yabwino kuposa zonse."

Pakhomo paja chidebe cha thobwa chinagubuduka. Palibe anachitola.

Amuna aja anatuluka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana zala zake zakumapazi. Dzuwa lisanalowe, Lonjezo ndi mkazi wake anali atakwera kabaza kupita kokadikira minibasi. A Gideoni anawatsatira mpaka pamsewu.

"Mwana wanga, ndimafuna ndikunyadire."

"Mwandinyadira, bambo. Tsalani."

Kuchokera tsiku limenelo Lonjezo sanapondenso pakhomopo. Amaimbira mayi ake okha, ndipo foniyo akailanda bambo ake, imaduka. Kunabadwa mdzukulu wamwamuna, anamutcha Felton. A Gideoni amamuonera pa chithunzi cha m'foni ya akazi awo, akuchikulitsa ndi zala kuti aone ngati mphuno ili ya kwawo. TV ija anaifunditsa chitenje. Madisiki anawatentha kuseri kwa chigafa, utsi wake kununkha mudzi wonse. Masiku ano mukadutsa pa siteji mudzapeza bambo wa chipewa chakuda akusuzumira m'minibasi iliyonse imene yaima. Makondakitala anasiya kuwafunsa kumene akupita.

Phunziro: Mafilimu a nkhondo onerani, sindikukuletsani, ndipo abwino alipo. Koma musanaike disiki, yang'anani kaye amene wakhala pampando. Zimene inu mukuseka, wina anazibereka kumsana. Mkazi wako akakuuza kuti mwana sali bwino, mvera, iye ndi amene amaona. Tumizani nkhaniyi ku magulu onse, makamaka kwa makolo a asilikali. Ndipo inu ofunsa kuti mayi ameneyu wapindulanji poilemba, ndikuuzani: amene anagwetsa thobwa uja ndine. Pa filimu yonse ija ndinapezapo mawu omaliza a mwana wanga, basi. Malata aja akadali otsamira khoma kuchipinda. Sindinaitane munthu.