Dzanja pa Chiwongolero

Masiku ano galimoto simvomera mwini watsopano pokhapokha wogulitsa atasanjika dzanja lake pa dzanja la wogula, pachiwongolero, mpaka makina awerenge kufika zana. Kupanda apo, mlandu uliwonse umagwera mwini wakale.

Nankhoma ankalidziwa bwino lamuloli. Vuto linali loti galimoto ya amuna ake, a Gwedeza, anaigula ndi Felesiya, mayi wosakwatiwa wa zala zosalala ngati sanagwirepo khasu. Tsiku losintha umwini, makina atangofika pa khumi, Nankhoma anaona Felesiya akumwetulira cham'munsi. Anawakoka malaya amuna akewo mpaka kunyumba.

Lachitatu lake Felesiya anagunda mbuzi ya eni. Kabokosi kapakhoma kolengeza zigamulo za khoti kanatchula dzina la a Gwedeza: akapalire munda wa mwini mbuziyo masiku asanu.

"Mwaziona za nsanje yanu, mayi a Tadala?" anatero a Gwedeza kwa akazi awo. "Ndiloleni ndikamalize kuwerenga kuja."

Nankhoma anatulutsa makasu awiri. "Matuza amapola, bambo. Tiyeni."

"Nanga mawa akagunda ng'ombe?"

"Tidzapalira mwezi wathunthu. Koma dzanja limenelo ndi langa."