Apolisi Alibe Galimoto

Ba Kalenga anaimba foni kupolisi katatu munthu asanayankhe.

"Tamvela, ba sir," anatero mawu aulesi. "Koma motoka tilibe. Ngati mufuna tibwele, bwelani mutitenge."

Ndiye Lusaka wa masiku ano ameneyo. Kale Landirova ya polisi inkafika usanatsitse foni, ngakhale kuti nthawi zambiri inkadzatenga iwe amene. Lero tili ndi zipani makumi atatu ndi maapulo a ku Joni pa mphambano iliyonse, koma ukagwira wakuba uyenera kumupezera wekha chokwera.

Sukulu imene Ba Kalenga ankagwirako ntchito inali ku Chelstone, m'nyumba imene munkakhala bwana wa kampani ya boma, kampaniyo isanagulitsidwe. Chipinda chogona chinasanduka Giredi 11, garaja Giredi 12. Ba Kalenga, amene anachotsedwa ntchito ku kampani yomweyo, tsopano anali wachiwiri kwa mwini sukulu, Mayi Chibesa. Nkhani zonse za mwambo zinali pamutu pawo.

Vuto linali fungo. Kuseri kwa zimbudzi kunkanunkha ngati akuwotcha tchire. Mnyamata wina anaseka kuyambira pemphero la m'mawa mpaka phunziro la masamu. Mtsikana wotsogolera kwaya anadya mabanzi asanu ndi awiri, nagona padesiki kukamwa kuli yasa. Makolo atatu anali atachotsa kale ana awo.

"Ba Kalenga," anatero Mayi Chibesa Lolemba, "nifuna chimozi pa viwili. Mwana wogwiliwa na chamba nimupishe pa sukulu, kapena kalata ya polisi ya chidindo yokamba kuti pano palibe. Chisanu chikafika mulibe chonionesa, muzayenda ndimwe."

Munthu wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wa ana anayi, sachotsedwa ntchito kawiri. Ba Kalenga anapempha Benzi ya mayiwo kuti akatengere apolisi. Mayi anakana. Anthu a kutchalitchi akadaona apolisi m'galimoto mwawo akadati mayiwo amangidwa.

Anawapulumutsa ndi Ba Meshack, bambo wofatsa amene ankagulitsa mabanzi ndi zitumbuwa pageti la sukulu, m'kagalimoto kake kakale kotsegula kumbuyo. Ba Kalenga anawanong'oneza Lachitatu masana kuti mawa akatenge apolisi. Aphunzitsi sanauzidwe, mlonda sanauzidwe, ngakhale mkazi wawo kunyumba.

"Aba bana ni batu tonse, ba sir," anatero Ba Meshack atagwira pamtima. "Va mafuta musavutike."

Lachinayi m'mawa, ana atagula mabanzi awo n'kulowa m'makalasi, kagalimoto kanapita kupolisi. Kanabwerera katapendekera mbali imodzi, chifukwa kutsogolo kunali Sajeni Kabamba, munthu amene lamba wake anali pa bowo lomaliza. Makonsitebulo awiri anakhala kumbuyo pakati pa matireyi. Sajeni analamula kuti galimoto iime m'kati mwa mpanda, pansi pa mtengo wa mango, naikapo konsitebulo mmodzi ndi mfuti.

"Lelo iyi ni motoka ya boma," analengeza. "Aliyense osafika pafupi."

Kunena zoona, apolisiwo anagwira ntchito. Amene amati apolisi athu ndi aulesi akadabwera kudzaona. Anakhuthula zikwama zana ndi makumi anayi. Anavulitsa nsapato ndi masokosi. Anamasula mabolopeni, anapapasa mataye, ananunkhiza zala. Konsitebulo anakwera kudenga natsika ali mbuu ndi fumbi. Anatsegula mathanki a zimbudzi. Anasecha mlonda, anasecha aphunzitsi, ndipo Sajeni mwini anapisa m'jekete la Ba Kalenga, "kuti bana baone kuti lamulo ilibe nkhope."

Anapeza makalata achikondi khumi ndi atatu, makaseti a rumba, ndi kabotolo ka kachasu m'dirowa ya mphunzitsi wa Baibulo, amene anati ndi ka chifuwa. Chamba ayi, ngakhale kambewu kamodzi.

"Nanga fungo ija?" anafunsa Ba Kalenga.

"Ni mphepo," anatero Sajeni. "Ichokela ku komboni."

Anatulutsa chidindo m'thumba, nachiuzira mpweya, nachimenya pa kalata. Mayi Chibesa anaiwerenga kawiri. Anati aiika m'felemu pafupi ndi chithunzi cha pulezidenti, ndipo kwa nthawi yoyamba anafunsa Ba Kalenga ngati amamwa tiyi wamkaka.

Ba Kalenga anaperekeza alendowo mpaka pansi pa mango. Konsitebulo wa mfuti anapereka sawasha nati palibe ngakhale ntchentche imene yatera pa galimoto. Ba Kalenga anagwira dzanja la Ba Meshack ndi manja awiri. M'dziko limene zonse zagulitsidwa, anaganiza, anthu otere akadalipo.

Ba Meshack anatula apolisi, nabwerera pageti belu loweruka likulira. Mabanzi anali atatha kale, koma mzere wa ana unafika mpaka pa ngalande. Anatsegula chitseko chakutsogolo, nanyamula mpando umene unali ukadali wofunda ndi wobonyoka pakati. Pansi pake panali mbwee timaphukusi tokulunga m'mapepala.

"Umozi umozi," anatero. "Aliyense atenge kake kamene anasungisa kuseni pogula mabanzi. Vonse vilipo. Ba Sajeni banankalapo beka, kuyenda na kubwela."