Tsamba la Birimankhwe

Padangokhala Chule ndi Birimankhwe. Mvula yoyamba itagwa, aliyense anagwira chidebe cha ngumbi, naganiza zotsegula tsamba la pa intaneti kuti apeze ogula ngumbizo zisanaonongeke.

Chule anasankha pulogalamu ya ongoyamba kumene. Anaikapo chithunzi, nambala ya foni ndi mawu awiri: "Ngumbi zilipo." Atatero anapita kokasamba kudambo.

Chule atabwerako, Birimankhwe anaseka. "Achimwene, tsamba lanuli likufanana ndi la Bakha, la Nkhanga, la aliyense! Ine ndigwiritsa ntchito pulogalamu ya akatswiri."

Pulogalamuyo inali ndi mabatani ochuluka ngati mchenga. Lolemba tsamba linali lobiriwira, Lachiwiri lofiira. Lachitatu Birimankhwe anakhala tsiku lonse akusuntha chilembo chimodzi. Akamaganiza mozama, lilime linkapita lokha m'chidebe.

Loweruka, Chule atagulitsa zake kalekale, tsamba la Birimankhwe linatha. Mai Nkhwali anafika ndi dengu.

"Bambo, kukongola kwa tsamba lanu mpaka ndagwetsa misozi. Tandipatsani ngumbizo."

Birimankhwe anasuzumira m'chidebe ndi diso limodzi, kenako linalo. Munali mapiko okhaokha.

"Mai," anatero chapansipansi, "mapikowa mungawakonde a mtundu wanji?"