Mendulo ya Septimus

Bwanamkubwa anali atayandikira, akupachika mamendulo pazifuwa za asilikali amene anabwerako ku nkhondo ya ku Ashanti, ku Africa. Dzuwa la ku Kingston, ku Jamaica, linkaswa mtengo, koma Septimus ankangonjenjemera pamzerepo.

"Takhazikika iwe, kodi m'buluku mwalowa linthumbu?" ananong'ona Lemuel, mnzake wa pambali. "Amayi ako akukuyang'ana."

Septimus anali atawaona kale kuseri kwa chingwe chotchingira anthu, atamanga duku lofiira, mfundo ili pamphumi. Ndi mmenenso inamangira nkhalamba ija ya m'mudzi wa kunkhondoko, imene inakana kutuluka m'nyumba Septimus atayatsa kale denga.

Phini ya mendulo inaboola malaya n'kumubaya pachifuwa. Septimus sanaphethire n'komwe.

Asilikali atangomasulidwa, mayi ake anamugwira mkono, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwana wanga, ndiye ku Africa, kwawo kwa agogo ako, unakafikadi? Tandiuza, n'kotani?"

Septimus anaphimba mendulo ija ndi dzanja. Anayang'ana dukulo, kenako anazolika.

"Kunali kokongola, amayi, tsiku limene tinafika."