Mtanda Wofiira Pasimenti

Mlamu wake atazula waya wa sipika yachiwiri, mayiyo anali adakali pampando.

Malemu mwamuna wake anakaniratu kugula sipika yachitatu, yapakati. "Ziwirizi zakwana," ankatero. "Mukakhala pakatikati penipeni, mawu amatulukira pakhoma, pansi pa TV, ngati pali munthu." Anachita kulemba mtanda pasimenti ndi penti yofiira kuti mwendo wa mpando uzikhala pomwepo. Mayiyo akamasesa ankausuntha mpandowo, ndipo mwamunayo sankalephera kudandaula.

"Alamu, izi ndikutenga, zizingokukumbutsani zambiri," anatero mlamuyo, n'kunyamula masipika onse awiri kupita nawo kugalimoto.

Pashelefu panatsala malo awiri opanda fumbi. Dzuwa la masana linkawomba pakhoma.

Kenako pakhomapo, pansi pa TV yozimitsa, wina anatsokomola.

"Amayi a mwana, mwasunthanso mpando. Senderani kumanzere pang'ono."

Mayiyo anayang'ana pansi. Mwendo wa mpando unali utaphonya mtandawo ndi chala chimodzi. Anadzuka, n'kuukankhira pamalo pake, n'kukhalanso.

"Eya, pamenepo," anatero mawuwo. "Tsopano muzindimva bwino."